Mutu 6: Faines Aphunzira Kugwa

1. Bondo lakumanzere

Chaka cha 1997, chimanga chitauma m'minda ndipo mphepo yozizira itayamba kutsika m'mapiri a Ntchisi, Faines Msampha anali atatha miyezi inayi akukhala ndi azakhali ake, a Roza, m'mudzi wina pafupi ndi Malomo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ankaphunzira Fomu 3 pa sukulu yoyendera. Kwawo kunali ku Mponela.

Ku Mponela anthu ankamutchula kuti mtsikana wa karate. Boma litangosintha, akazi ataloledwa kuvala mathalauza, Faines ndiye anali mtsikana woyamba kulowa m'gulu la anyamata amene ankaphunzira karate kuseri kwa holo. Anali wopepuka thupi. Phazi lake linkafika pa khutu la munthu wamtali, mwini wake asanaphethire.

Mbiri yonseyi inatha tsiku limodzi. Pa mpikisano wina, chaka cha 1995, anaponda ndi mwendo wakumanzere n'kutembenuka kuti amenye ndi wakumanja. Thupi linatembenuka, koma phazi linakanirira pansi. Bondo linalira ngati nthambi youma ikamathyoka, ndipo Faines anagwa. Anayendera ndodo miyezi itatu. Kuchipatala anati fupa lili bwino, koma mtsempha wogwira bondo unang'ambika.

Kuyambira pamenepo bondolo linali ndi khalidwe lakelake. Poyenda pamalo osalala linkakhala chete. Koma akatembenuka mwadzidzidzi, kapena akamatsika phiri atasenza ndowa, linkagwedezeka ngati khasu losakhomera bwino pa mpini. Kukazizira linkatupa. Karate anaisiya, ndipo ku Malomo sanauze munthu aliyense kuti anaiphunzirapo.

2. Phokoso m'shedi

Lachitatu lina masana, akuchokera kusukulu, Faines anadzera njira yachidule yodutsa pa esiteti ina ya fodya imene inali itatsekedwa. Anamva phokoso m'shedi, ngati munthu akutsitsa matumba a chimanga m'ngolo. Linkamveka kamodzi, kenaka bata, kenaka n'kumvekanso.

Anasuzumira pawindo lopanda galasi. Pansi anali atayala ziguduli zodzaza utuchi, pamwamba pake ataphimba tenti yakale ya lole. Anthu asanu ndi atatu anagwada m'mbali, atavala majekete osokedwa ndi nsalu yolimba. Pakati panaima anthu awiri.

Mmodzi Faines anamuzindikira. Anali Dave, mnyamata woyendetsa ngolo, amene pa Malomo ankanyamula yekha belo la fodya lofuna amuna awiri. Winayo anali mkulu wina wamfupi, wa imvi mbuu, wochepa thupi ngati mwana wa Sitandade 8. Mutu wake unkalekezera pachifuwa cha Dave.

Anagwirana majekete. Dave anakankha ndi mphamvu zake zonse. Mkuluyo sanalimbane naye. Anangosendera pambali pang'ono, ngati munthu wopatukira njinga, ndipo chimene chinatsatira maso a Faines sanachigwire. Anangoona mapazi a Dave ali m'mwamba, zidendene zitaloza kumalata. Chimunthu chonsecho chinatera chagada, ndipo fumbi la utuchi linakwera m'kuwala kwa dzuwa.

Mkuluyo sanataye mkono wa Dave. Anaugwirabe mpaka thupi lonse litakhazikika, monga mayi amachitira potsitsa mwana kumsana. Dave anadzuka akuseka.

Faines anaima pawindopo mpaka dzuwa litapendeka. Dave anagwa kakhumi ndi kawiri, ndipo mkuluyo sanatuluke thukuta ngakhale dontho limodzi. Ku karate Faines anali ataona anthu akuswa matabwa ndi njerwa, kwinaku akukuwa. Apa panalibe kukuwa, panalibe chibakera, koma munthu wamkulu ankanyamuka ngati tsamba louma.

"Iwe wa pawindo," anatero mkuluyo osatembenuka. "Khomo lili uku. Pawindo amaonerapo akuba."

Faines analowa mwamanyazi. Mwa ogwadawo munali mtsikana mmodzi yekha, Hanifa, mnzake wa m'kalasi, mwana wa a Yunus a golosale ya pa Malomo. Hanifa anamusunthira malo n'kumunong'oneza kuti masewerawo ndi judo, ndipo mkuluyo ndi a Gregorio, wapolisi wopuma ntchito amene anawaphunzira kalekale kwa mphunzitsi wochokera ku Japan.

Anthu atamaliza, Faines anapita patsogolo pa a Gregorio. "Ndikufuna kuphunzira nawo," anatero.

"Kayambe wafunsa kunyumba. Udzabwere Loweruka. Ndili ndi mafunso atatu amene ndimafunsa aliyense."

3. Mafunso atatu

Anapeza a Roza akuswa mtedza pakhonde. Anawafotokozera zonse zimene anaona, mawu akuthamangitsana pakamwa. A Roza anamvetsera mpaka pomaliza, kenaka anaika lichero pambali.

"Mwana wa achimwene anga, undimvere bwino," anatero. "Ine si wa anthu aja amene amati mtsikana asavale thalauza, asathamange. Nthawi imeneyo inapita. Ndakuona mmene wakhalira pano miyezi yonseyi, ngati nkhuku yovumbwa, ndipo lero ndi tsiku loyamba kuona maso ako akuwala. Koma bondo limenelo si la chaka chino chokha. Udzalima nalo lomwelo, udzakwera nalo phiri uli ndi mwana kumsana, udzagwada nalo pamaliro anga. Kumsika amagulitsa matayala a njinga ndi mipini ya makasu, koma bondo sindinalionepo pa benchi. Ndiye ndikulola, koma pali chinthu chimodzi. Ukafika, ukawauze a Gregorio za bondolo usanaponde pa ziguduli zawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akakana, ukabwereko. Akalola, iwo ndiwo adziwe mmene angakuyendetsere. Wandimva?"

"Ndamva, azakhali."

Loweruka Faines anafika m'shedi atavala thalauza lake lakale m'kati mwa chitenje. A Gregorio anamuimika pamaso pa onse.

"Kunyumba akulola?"

"Andilola."

"Pali munthu amene unayambana naye, woti ukufuna ukamugwetse?"

"Ayi. Koma ndinaphunzirapo karate ku Mponela."

"Zimenezo n'zabwino. Funso lachitatu. Pathupi pako pali pamene unavulalapo kale? Khosi, msana, phewa, bondo?"

Faines anayang'ana tenti yoyalidwa pansi ija. Inali pafupi kwambiri, zala za kumapazi kwake zitatsala pang'ono kuikhudza. Anayang'ana khomo limene akanatulukira akadamukana.

"Palibe," anayankha.

A Gregorio anamuyang'ana kwa kanthawi. "Chabwino. Vula nsapato."

Madzulo a tsiku limenelo a Roza anamufunsa ngati anawauza aphunzitsi za bondo. Faines anati anawauza, ndipo anathamangira kukatunga madzi.

4. Masabata asanu ndi limodzi

A Gregorio sanamulole kugwetsa munthu. Phunziro lake linali limodzi lokha.

"Ku karate unaphunzira kuima molimba, ndipo n'zofunika," anamuuza. "Pano timayamba ndi kugwa. Munthu aliyense amagwa, kaya pa njinga, kaya pa matope, kaya pa mwala wa kumtsinje. Wosadziwa amatsogoza dzanja, dzanjalo n'kuthyoka. Wina amatsogoza mutu. Wodziwa amaika chibwano pachifuwa, amadzipinda ngati dzungu, amamenya pansi ndi mkono wonse, kenaka amadzuka n'kupitiriza ulendo wake. Usathamangire kugwetsa anzako usanadziwe kumene ukuwatumiza."

Faines anagwa chagada, anagwa chammbali, anagubuduka kutsogolo. Lachitatu ndi Loweruka lililonse ankagwa maulendo oposa zana. Poyamba msana unkamuwawa mpaka kulephera kukhala bwino pa desiki. Sabata yachitatu anazindikira kuti pansi sakupaopanso.

Hanifa, amene anayamba judo miyezi iwiri Faines asanafike, ankamukonza akalakwitsa. Anali wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula, ndipo mpango wake ankaumanga molimba kotero kuti ngakhale agubuduke bwanji sunkasuntha. Atsikana awiriwa anayamba kuyendera limodzi popita kusukulu ndi pobwerera.

Tsiku lina a Gregorio anatsinzina n'kugwira jekete ya Dave ndi zala zitatu zokha. Anamuuza kuti ayende mmene akufunira.

"Walemera kumanja," anatero, maso ali chitsinzinire. "Tsopano kumanzere. Ukuganiza zobwerera m'mbuyo, koma sunayambe."

Dave anaseka modabwa. "Aphunzitsi, mukulowa bwanji m'mutu mwanga?"

"M'mutu mwako sindikulowamo. Nsalu iyi ndiyo ikundiuza. Thupi la munthu limalankhula mwini wake asanaganize."

Anayenda pamzere wonse akugwira aliyense chimodzimodzi, ndipo sanaphonye ngakhale kamodzi. Atafika pa Faines anagwira jekete yake, kenaka anapitirira osanena kanthu.

Mwezi wa June unafika ndi chisanu. M'mawa nkhungu inkaphimba mapiri mpaka anthu osaonana panjira. Bondo la Faines linayamba kutupa. Anadula mphira ku chubu chakale cha njinga n'kumalimanga molimba m'kati mwa thalauza. Akafika kunyumba ankalithowa ndi madzi otentha kubafa, a Roza asakuona.

5. Tsiku loponya

Loweruka lachisanu ndi chimodzi a Gregorio ananena kuti Faines ndi Hanifa akonzeka kuphunzira kuponya munthu pachiuno. Anaitana Dave ndi mnyamata wina kuti aonetse pang'onopang'ono. Woponya ankalowa pafupi, n'kutembenuka pa phazi lakumanzere kuti amufulatire mnzake, n'kupinda mawondo onse awiri. Kenaka ankamukweza mnzakeyo pachiuno, n'kuwongola miyendo, n'kumugubuduzira pansi.

Asanawalole atsikanawo kugwirana, a Gregorio anauza onse kuti akhale pansi.

"Zimene ndinene pano muzisunge kuposa zonse zimene ndakuphunzitsani," anatero. "Munthu akakupatsani jekete yake kuti mumuponye, wakupatsani khosi lake. Mapazi ake akachoka pansi, alibenso chogwira. Sangadzithandize, sangasankhe pogwera. Miyendo yanu ndiyo miyendo yake. Mukaima bwino, atera ndi msana, adzuka akuseka. Mwendo wanu ukagonja iye ali m'mwamba, atera ndi mutu, inu n'kumugwera pamwamba. Ziguduli izi zimateteza msana, koma khosi sizililabadira. Khosi likathyoka palibe dokotala wolilumikiza, kaya ku boma, kaya ku Lilongwe. Ndiye woponya si mdani wa wogwayo. Ndi mlonda wake. Amene akudziwa kuti lero sangalondere mnzake, anene. Kunena si mantha. Mantha ndi kukhala chete."

Kunja kunkamveka belu la ng'ombe za Dave zimene zinkadya udzu kuseri.

"Faines, uyambe ndiwe. Hanifa, mpatse jekete."

Atsikanawo anaima pakati. Faines anagwira mkono wa jekete ya Hanifa ndi dzanja lamanzere, lamanja anazunguliza kumsana kwake. A Gregorio anaima kumbuyo kwawo.

"Uyese kulowa kokha, usamukweze," anatero.

Faines analowa, n'kutembenuka pa phazi lakumanzere, n'kupinda mawondo. M'kati mwa mphira uja bondo linasuntha pang'ono, ngati chitseko chimene msomali wake wayamba kuzuka. Palibe amene anamva. Iye yekha ndiye anadziwa. Anabwerera pamalo pake.

"Walowa bwino. Tsopano umukweze."

Hanifa anakonza mpango wake n'kumwetulira. "Usaope, mnzanga," ananong'ona. "Ine manja ako sindiwaopa. Ndiponye."

Faines anagwiranso jekete ija. Anaona khosi la Hanifa pansi pa mpango, lochepa ngati phesi la chimanga. Phazi lake lakumanja linanyamuka kuti alowe, koma linabwerera pansi pomwepo. Manja ake anamasuka.

"Aphunzitsi, sindingathe."

"Chifukwa chiyani?"

Faines anawerama n'kupinda thalauza mpaka pantchafu. Onse anaona mphira wakuda utazungulira bondo, ndi mnofu utatupa pamwamba ndi pansi pake. Anamasula mphirawo. Bondolo linali ngati papaya, khungu litalembeka mizere.

"Ndinakunamizani," anatero. "Ndinavulala ku karate zaka ziwiri zapitazo. Mtsempha unang'ambika, ndipo limagwedezeka ndikatembenuka. Azakhali anandiuza kuti ndikuuzeni, ine sindinanene. Ndinkaopa kuti mundibweza."

6. Mwendo wa a Gregorio

A Gregorio sanakalipe. Anakoka kampando kawo n'kukhala pansi.

"Ndinadziwa tsiku loyamba," anatero. "Potsika sitepe ya pakhomo umatsogoza mwendo womwewo masiku onse. Pogwada umapendekera kumanja. Nditagwira jekete yako ndinamva mwendo umodzi ukubisala kuseri kwa unzake."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Kugwa kumene ndinkakuphunzitsa sikukanaliwononga, ndipo ndinkakuyang'anira. Lero ndinaima kumbuyo kwanu, dzanja langa lili pafupi ndi lamba wa Hanifa. Sindikanalola kuti mapazi ake achoke pansi. Koma ndinkafuna kuona ngati pakamwa pako padzatseguka pokha. Wa bondo lovulala ndingathe kumuphunzitsa. Koma munthu wolola kuika khosi la mnzake pachiswe chifukwa cha manyazi ake, ameneyo ndilibe naye phunziro."

Kenaka anapinda thalauza lawo la mwendo wakumanja. Chipsera chachitali chinayambira pantchafu, n'kudutsa pabondo mpaka pamsongolo. Anayesa kulipinda bondolo. Linapinda pang'ono chabe, n'kuima ngati lakhomedwa. Ophunzira onse anasendera pafupi. Ngakhale Dave, amene anali atakhala nawo zaka zitatu, anali asanachionepo.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo ku polisi ankasankha anthu asanu okaonetsa judo pamaso pa akuluakulu," anayamba a Gregorio. "Ine bondo ili ndinali nditalibinya pa mpira, ndipo linkagwedezeka ngati lakoli. Ndinalimanga bandeji, osauza munthu, chifukwa ndinkafuna dzina langa limveke. Wogwirana naye wanga anali Paulo, wa ku Mvera. Tinkagona chipinda chimodzi, tinkadyera mbale imodzi. Ndinamukweza pachiuno bwinobwino. Ali m'mwamba, bondo linathawa. Tinagwera limodzi, iye pansi, ine pamwamba, phewa lake litatsogola. Bondo langali anachita kuling'amba kuchipatala, ndipo kuyambira pamenepo limalekezera pamene mwaonapa. Koma zimenezo n'zochepa. Mkono wa Paulo unafota. Ntchito inamuthera, ana ake ali aang'ono. Mpaka lero amadya ndi dzanja lamanzere. Chaka chilichonse ndimapita kukamuona, ndipo amandilandira bwino, amandiphera nkhuku. Sananditukwanepo ngakhale kamodzi. Zikanandipepukira akanakhala kuti ananditukwana."

A Gregorio anatsitsa thalauza n'kuimirira.

"Tsopano ndifunse. Mwa inu nonse, ndani anandionapo ine ndikuponya munthu pachiuno?"

Ophunzira anayang'anana. Dave anakanda m'mutu, akuganizira zaka zonse zimene anakhala akugwa. "Palibe, aphunzitsi," anatero pomaliza. "Mumangotiuza, ife n'kumachita."

Apa m'pamene Faines anakumbukira kuti sanawaonepo a Gregorio atagwada. Kuyenda kwawo kwapang'onopang'ono onse ankakuyesa ulemu wa ukulu. Munthu amene ankanyamula Dave ngati tsamba anali ndi mwendo umodzi wokha wabwino.

"Masiku ano aliyense akukamba za ndale, chipani ichi, chipani icho," anatero a Gregorio. "Ife tili ana, ndale inali kutchera mnzako phazi kuti agwe. Dave, bwera. Faines, usayang'ane manja anga. Uyang'ane pansi."

Dave anayenda kutsogolo. Phazi lake litatsala pang'ono kutera, phazi la a Gregorio linalikhudza chammbali, mofatsa ngati munthu wosesa kachitsotso pakhomo. Dave anapezeka ali chagada, akuyang'ana malata. Anabwereza katatu. Kachitatu Faines anachiona chonse, kuyambira pamene chidendene chinanyamuka.

"Phazi likatera n'lolemera ngati mtondo," anatero a Gregorio. "Likakhala m'mwamba n'lopepuka ngati nthenga. Pakati pake pali kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Ambiri amatha zaka asanakaone. Iwe wakaona lero, chifukwa ku karate unaphunzira kuwerenga mapazi a munthu. Karate yako sinatayike. Judo ili ndi makomo ambiri. Lina latsekeka kwa iwe monga linatsekekera kwa ine, koma ena alipo."

"Ndiye simundichotsa?"

"Sindikuchotsa, koma umve bwino. Mphira uwo ukautaye, umatseka magazi. Upite ndi azakhali ako kuchipatala cha ku boma, akalione bondolo, ndipo zimene akanene ndidzazimve kwa azakhali akowo, osati kwa iwe. Ine si dokotala. Akakaniza, nanenso ndikaniza. Akalola, tidzayamba ndi kulimbitsa ntchafu, chifukwa ntchafu yolimba imathandiza bondo lofooka. Mpaka kutupa kutatha sudzagwira jekete ya munthu. Uzibwera, uzikhala apo, uziyang'ana mapazi. Zingatenge miyezi iwiri, zingatenge isanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chomaliza, si ine ndekha amene unandinamiza. Enawo ukuwadziwa."

Faines anatembenukira kwa Hanifa. "Undikhululukire, mnzanga."

Hanifa anali atagwira khosi lake ndi dzanja, ngati akuona kuti lilipobe. "Takhala tikuyendera limodzi masabata onsewa," anatero motsitsa. "Ukanandiuza, bwenzi titawauza tili awiri. Lero ndilibe mawu, Faines. Tidzalankhula kusukulu."

Hanifa anatenga nsapato zake n'kutuluka yekha.

7. Pakhonde

Faines anabwerera kunyumba dzuwa likadali pamwamba pa mapiri. Popanda mphira uja ankatsimphina poyera, ndipo sanayesenso kubisa. Anadzera kuseri kwa nyumba, kumene anapeza a Roza akupeta nyemba pafupi ndi nkhokwe.

Anagwada ndi bondo lakumanja lokha. Anawauza zonse: funso lachitatu, mphira, madzi otentha a kubafa, khosi la Hanifa, ndi mkono wa Paulo wa ku Mvera. Pomaliza anati, "Tsiku lija munandifunsa, ndinakunamizani, azakhali."

A Roza anasiya kupeta. Anayamba kutola timiyala m'nyembamo.

"Zandipweteka," anatero. "Koma wabwera wekha, sindinachite kukugwira. Kuchipatala tipita Lolemba." Anapukuta manja pa chitenje. "Tsopano imirira, chifukwa nanenso ndili ndi mlandu wanga. Tsiku limene unasiya kuyendera ndodo, bambo ako analumbira pamaso pa tonse kuti sudzapondanso pa bwalo la masewera omenyana. Iwe ukudziwa, inenso ndikudziwa. Ndinakulola osawafunsa, chifukwa ndinkaopa yankho lawo. Nkhani yawapeza ku Mponela. Wina wa pa minibasi wawauza kuti mwana wawo akulimbana ndi amuna m'shedi ya fodya. Afika masana ano. Ali pakhonde."

A Roza anamugwira dzanja n'kumudzutsa, ndipo anazungulira nyumba ali awiri, wina akutsimphina, wina akuyenda pang'onopang'ono kuti asamusiye.

Bambo ake anali atakhala pa mpando, chipewa chili pamwendo, tiyi amene anawapatsa atazizira osamukhudza. Faines anapereka moni, koma iwo sanayankhe. Anayang'ana mwendo wa mwana wawo kwa nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mlongo wawo.

"Khalani pansi nonse awiri," anatero motsitsa mawu. "Ndabwera ndi makutu anga. Ayambe ndani?"